KUTHAMANGA SIKUFIKA

Awa ndi mawu amene adayankhula mnzathu wa gulu lomwe lidalemba mayeso a MSCE mu 1998, yemwe tsopano akugwira ntchito m'boma, pa mapemphero otsegulira msonkhano wathu wa pachaka. Ambiri adapempha kuti tiwasindikize m'kalata ino kuti amene sadabwere nawonso amve.



Pamene a Mlembi adandiimbira lamya kuti ndidzayankhule m'mawa uno, ndidayesa kukana. Ndidati ine sindine mbusa kapena mkulu wa mpingo, ndine munthu wa mafaelo ku ofesi ya boma. Iwo adaseka nati, "Achimwene, tikumva kuti masiku ano mumathamanga m'bandakucha. Ife amene tidagona nanu hostelo imodzi tikufuna timve kuti zidatheka bwanji." Amene mukuseka kumbuyoko mukudziwa chimene iwo amatanthauza. Tsono ndiyambe ndi kuulula mlandu umenewo, popeza mboni zake zili muno.

Mukukumbukira kuti nyengo yozizira ikafika, Lachisanu lililonse madzulo belu linkalira ndipo sukulu yonse inkatuluka kukathamanga cross-country. Potembenukira padali pa mlatho paja, ndipo pamenepo pankaima pulifekiti ndi inki, kudinda mkono wa aliyense wofikapo. Chaka cha 1996, ndili Fomu 2, ndidaganiza zodzionetsa. Likhweru litangolira ndidaliyatsa liwiro ngati ndaona njoka. Tisadapite patali chifuwa chidayamba kutentha, m'nthiti mukubaya, ndipo nyemba za masana zija zidayamba kufunsa njira. Ndidapatukira m'munda wa chinangwa, ndikubisala. Otsogola atayamba kubwerera, ndidadzithira madzi a m'ngalande kumutu kuti azioneka ngati thukuta, ndikulowa pakati pawo. Ndidalowa pa geti ndili wa nambala 7.

Aphunzitsi a zamasewera adandiombera m'manja, kenaka adati, "Tione mkono." Inki padalibe. Chilango chake chidali kukumba dzenje la zinyalala lakuya msinkhu wanga. Ndili mkati mokumba Loweruka m'mawa, iwo adabwera naima pamwamba pa dzenjelo. Adandiuza kuti womaliza dzulo lake adali kamnyamata ka Fomu 1 kodwala mphumu, komwe kadayenda pansi theka la njira ndipo kadalowa pa geti anthu akudya nsima ya madzulo, koma inki ili pa mkono. Adati, "Mnyamata uja wafika. Iwe wangobwera." Ndipo adamaliza ndi mwambi umene tonse timaudziwa, wakuti kuthamanga sikufika.

Nthawi imeneyo ndidaona ngati nthabwala za aphunzitsi. Padatenga zaka 25 kuti ndimve chimene ankanena.

Ndikudziwa kuti pakati pathu pali anzathu a zipembedzo zina. Ine ndiyankhula monga Mkhristu, koma mavuto sayang'ana kumene munthu amapemphera, choncho ndikhulupirira kuti aliyense atolapo kanthu.

Ndikutengereni kaye kutali, ku Mexico City, pa 20 Okutobala 1968. Tsiku limenelo kudali mpikisano wa marathon wa masewera a Olimpiki. Marathon ndi mtunda wa makilomita 42 ndi mamita 195, chimodzimodzi kuzungulira bwalo la mamita 400 maulendo 105 ndi theka. Mzinda umenewu uli pamalo okwera mamita 2,240, kuposa nsonga ya phiri la Zomba, ndipo mpweya kumeneko ndi wopepuka kotero kuti munthu wosazolowera amatopa msanga. Anthu 75 ndiwo adayamba mpikisanowo. Mmodzi mwa iwo adali mnansi wathu wa ku Tanzania, John Stephen Akhwari.

Ali m'njira, minofu ya m'miyendo idayamba kumukokana. Atafika cha pa kilomita 19, pamene othamanga ankapanikizana polimbirana malo, adagwa moipa. Bondo lidavulala mpaka kuchoka m'malo mwake, ndipo phewa lidamenyetseka pa msewu. Adamumanga mwendowo ndi bandeji, iye nadzuka kupitiriza. Patsogolo pake padali patatsala makilomita opitirira 20.

Amene adapambana adali Mamo Wolde wa ku Ethiopia, atathamanga maola 2 ndi mphindi 20. Padapita ola lathunthu ndi mphindi zingapo. Dzuwa lidalowa, anthu ambiri adapita kwawo. Ochepa amene adatsala m'bwalomo adangoona munthu akulowa pa chipata, akutsimphina, bandeji ikulendewera. Adaimirira ndi kumuombera m'manja kufikira adadutsa mzere womaliza. Nthawi yake idali maola 3 ndi mphindi 25, ndipo adali womaliza mwa anthu 57 amene adamaliza. Atamufunsa chifukwa chimene sadalekere panjira, yankho lake lidali lakuti dziko lake silidamutumize mtunda wonse uja kuti akangoyamba mpikisano, lidamutumiza kuti akaumalize.

Nkhaniyi ndidaimva kangapo m'maulaliki, ndipo kawirikawiri olalika amatsindika kulimba mtima kwa munthuyu. Nzoona, adali wolimba mtima. Koma chimene ndikufuna tiyang'ane lero ndi bandeji ija. Akhwari sadabise kuti wavulala. Adalola kuti anthu ena agwire bondo lake ndi kulimanga, ndipo adalowa m'bwalo lija chilonda chake chikuonekera kwa aliyense. Sadapemphe kuti amupatse njira yachidule, komanso sadanamizire kuti ali bwino. Ambirife tidaphunzira theka limodzi lokha la chipiriro, loti munthu usaleke. Theka linalo, loti ukavulala unene, tidalisiya.

Othamanga mitunda italiitali amadziwa chinthu china chimene amachitcha khoma. Thupi limasunga shuga m'minofu ndi m'chiwindi, ndipo nkhokwe imeneyi imakwanira makilomita pafupifupi 30. Ikatha, thupi limayamba kudalira mafuta, omwe amapereka mphamvu mochedwa. Pamenepo miyendo imalemera ngati yamangiriridwa njerwa, mutu umasokonezeka, ndipo munthu amene amaseka pa kilomita 10 amayamba kudzifunsa chimene adadzera. Khoma limeneli si chizindikiro cha ulesi kapena kuchepa kwa mtima. Ndi m'mene thupi lidapangidwira. Nchifukwa chake okonza mpikisano amaika matebulo a madzi ndi zakumwa za shuga m'njira monse, ndipo wothamanga wanzeru amamwa ludzu lisadamupweteke. Amene amadutsa matebulo aja monyada, kuti ine ndine mwamuna, ndi amene timamupeza atakhala m'mbali mwa msewu.

Anzanga, ambiri muno tili pa msinkhu wa khoma. Ana ali ku sekondale ndi ku koleji, makolo akalamba, abale kumudzi akuyang'ana kwa ife, ndipo thupi nalo layamba kutumiza makalata. Ndiloleni ndinene za khoma langa.

M'mwezi wa Januwale 2021, pamene Covid-19 idakolera m'dziko muno, achimwene anga aakulu adamwalira. Adasiya ana anayi, ndipo onsewo adabwera m'manja mwanga kuwonjezera pa atatu anga. Chaka chotsatira mayi a kunyumba adadwala matenda ofuna kupita kuchipatala mwezi ndi mwezi. Malipiro a m'boma mukuwadziwa. Ndidatenga ngongole ku banki, kenaka ina yobwezera yoyambayo, mapeto ake ndidagogoda kwa a katapila. Pamene ndalama ya kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zonse zimene ndinkawerengera pa pepala zidangosanduka nthano. Koma m'mawa uliwonse ndinkamanga tayi, kupukuta nsapato, ndipo wondipatsa moni ndinkamuyankha kuti tili bwino, Mulungu ngwabwino. Ku tchalitchi ndinkaimba mokweza kuposa onse. Usiku ndinkangoyang'ana kudenga mpaka tambala woyamba. Ndinkadziuza kuti uku ndiko kupirira kwa Mkhristu, ndiponso kuti mwamuna salira.

Tsiku lina ndidachita chizungulire ku ofesi. Adokotala atandiyeza, adabwereza kachiwiri, osakhulupirira. Ine ndidaleka kuthamanga mu 1996, tsono magazi ndiwo adali atayamba kuthamanga m'malo mwanga. Adandipatsa mankhwala, nandilamula kuti ndiziyenda ndawala m'mawa uliwonse.

Sabata yomweyo ndidakumana ndi mnzanga wa m'kalasi mwathu. Ali muno, koma sindimutchula dzina. Nditamuyankha kuti tili bwino, iye sadandisiye dzanja. Adati, "Aise, ndidagona nawe chipinda chimodzi zaka zinayi. Ukanama ndimadziwa. Chavuta nchiyani?" Tidakhala m'galimoto mwake maola awiri, ndipo kwa nthawi yoyamba ndidayankhula zonse. Sadandipatse mamiliyoni, iyenso alibe. Adakhala nane pansi ndi pepala, tidalemba ngongole zonse, ndipo adandiperekeza kukakambirana ndi amene ndidali nawo ngongole za kabwezedwe kake. Adandikakamiza kuti ndiwauze mayi a kunyumba zoona zokhazokha, chinthu chimene ndinkachiopa kuposa katapila. Nditawauza, iwo adati, "Bambo, ine ndimadziwa kalekale. Chimandiwawa chidali chakuti mumasenza nokha ngati ine kulibe." Ndipo mnzanga uja adayamba kufika pakhomo panga 5 koloko m'mawa kuti tiziyenda limodzi. Tidayamba ndi kuyenda, kenaka kuthamanga kuchoka pa mtengo wa magetsi uwu kukafika pa winawo. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Tsopano ndidamalizapo mtunda wa makilomita 21, ndili kumapeto kwenikweni, koma nthawi ino mopanda chinangwa.

Ngongole sizidathe zonse. Mayi akumwabe mankhwala. Sindidabwere kudzakuuzani kuti mukapirira zonse zimasanduka uchi. Ndabwera kudzanena kuti chimene ndinkachitcha chipiriro poyamba chija chidali kubisala, monga ndidabisalira m'munda muja, kenaka nkutuluka nditadzithira madzi kuti anthu aziti zikuyenda.

Nditabwerera ku Baibulo ndi maso atsopano, ndidapeza kuti zimenezi zidalimo kale. Kalata ya kwa Ahebri idalembedwera Akhristu otopa. Mutu 10 ukutiuza kuti adanyozedwa poyera, ena adaponyedwa m'ndende, ena adalandidwa katundu, ndipo padali chiopsezo chakuti abwerera m'mbuyo. M'mutu 11 wolembayo akuwakumbutsa za anthu achikhulupiriro akale. Timakonda kuwerenga gawo loyamba, la amene adagonjetsa maufumu ndi kupulumuka m'kamwa mwa mikango. Koma mndandandawo ukupitirira ndi ena amene adaponyedwa miyala, adaphedwa, adayendayenda m'zipululu ali ausiwa. Onsewo akuwerengedwa pamodzi. Palibe pamene akunena kuti opulumuka aja adali ndi chikhulupiriro chachikulu kuposa ovutika aja. Mawu amenewa ngofunika masiku ano, pamene ena amaphunzitsa kuti ukadwala kapena ukasauka ndiye kuti pemphero lako ndi loperewera. Chiphunzitso chotere chimachititsa munthu wovulala kubisa bala lake chifukwa cha manyazi, ndipo bala lobisika limanyeka.

Tsono m'mutu 12 wolembayo akuyerekeza moyo wa Mkhristu ndi mpikisano wa liwiro, wothamangidwa pamaso pa khamu la mboni. Akuti munthu avule zomulemetsa, athamange mopirira njira imene yamuikidwira, maso ali pa Yesu. Mukawerenga mpaka ndime 12 ndi 13, mupeza kuti akuyankhula za manja olefuka ndi maondo ofooka, ndipo akulangiza kuti njira iwongoledwe kuti mwendo wotsimphina usaguluke koma uchire. Nditawerenga pamenepo ndidakumbukira bondo la Akhwari. Wolemba kalatayi ankadziwa kuti pa mpikisanowu pali otsimphina, ndipo sadawauze kuti achoke mu msewu. Adauza gulu lonse kuti likonze njira.

Ndipo Yesu amene tikuuzidwa kuti timuyang'ane adapirira motani? Usiku uja ku Getsemane adatenga anzake atatu, nawauza poyera kuti mtima wake wadzaza ndi chisoni, ndi kuwapempha kuti akhale maso pamodzi naye. Pa njira ya ku Gologota mtanda wake udasenzedwa ndi munthu wina, Simoni wa ku Kirene, mzinda wa kumpoto kwa Africa kumene lero kuli dziko la Libya. Ngati Ambuye mwini adanena za chisoni chake kwa anzake, ndipo mtanda wake udakhudza phewa la munthu wina, ine ndine yani kuti ndiziti ndisenza ndekha? Mtumwi Paulo naye, amene adalemba kumapeto kwa moyo wake kuti wamaliza liwiro lake, sadabise zipsera. Kwa Akorinto adawerenga yekha maulendo asanu amene adakwapulidwa zikoti 39, maulendo atatu amene adamenyedwa ndi ndodo, ndi maulendo atatu amene chombo chidamuswekera.

Pali funso limene wina angafunse: nanga amene adalephera kumaliza? Pa mpikisano womwe uja wa 1968 padalinso Abebe Bikila wa ku Ethiopia, katswiri amene adapambana marathon ku Rome mu 1960 akuthamanga wopanda nsapato, napambananso ku Tokyo mu 1964. Ku Mexico City mwendo udamuvuta ndipo adalekera panjira asadafike ndi theka lomwe. Chaka chotsatira, 1969, adachita ngozi ya galimoto imene idamupuwalitsa, ndipo sadayendenso. Munthu amene dziko lonse lidamudziwa chifukwa cha miyendo yake adakhala pa njinga ya olumala. Koma mu 1970 adapezeka ku Stoke Mandeville, ku England, akupikisana nawo pa masewera a anthu olumala, akuponya mivi ndi uta. Adamwalira mu 1973 ali ndi zaka 41, wocheperapo kuposa ambirife muno.

Ndikunena za Bikila chifukwa ena muno mudaleka zina panjira. Wina ntchito idatha, wina bizinesi idagwa, wina banja lidapasuka, wina sukulu ya ukachenjede sadaimalize, ndipo mwina nchifukwa chake anzathu ena safuna kubwera ku misonkhano ino, kuopa kuimika njinga pafupi ndi magalimoto a anzawo. Kuleka mpikisano umodzi sikutanthauza kuti liwiro limene Mulungu adakuikirani latha. Njira ya aliyense ndi yake. Pa mzere womaliza sadzatifunsa nambala imene tidalowera pa geti. Adzati, tione mkono.

Ndimalize ndi pempho kwa bungwe lathu. Ku South Africa kuli mpikisano wotchedwa Comrades, wa makilomita pafupifupi 90 pakati pa Durban ndi Pietermaritzburg, umene udayamba mu 1921 pokumbukira asilikali amene adafa pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Munthu ayenera kumaliza maola 12 asadakwane, ndipo akakwana mfuti imalira, chipata chatsekedwa. Othamanga wamba ambiri amadziwa kuti paokha sangafike, choncho amalowa m'magulu otchedwa mabasi. Patsogolo pamakhala munthu wodziwa njira, atanyamula kambendera kolembedwa nthawi imene akufuna kukafikira. Iye ndiye amanena pothamanga ndi poyenda, ndipo gulu lonse limatsata. Basi yotsiriza, ya maola 12, simunyamula akatswiri. Imanyamula otopa, koma imawafikitsa.

Bungwe lathu lino limachita bwino kwambiri pa maliro. Uthenga ukangofika pa WhatsApp, pofika madzulo ndalama ya bokosi yakwana, ndipo ndikuyamika chifukwa cha mtima umenewu. Koma si kale pamene tidaika m'manda mnzathu wina, ndipo ambirife tidamva za matenda ake ndi mavuto ake tili kale pa siwa. Tidayang'anana, aliyense akuti, bwanji sadanene? Ine ndidakhala chete, chifukwa ndinkadziwa chifukwa chake. Nanenso sindinkanena.

Tsono ndikupempha zinthu ziwiri. Choyamba chikupita kwa a komiti: pokambirana za thumba lathu la chithandizo masana ano, tiganizire zopatula gawo lina lothandiza amoyo, odwala ndi amene ntchito yawathera, ndipo pakhale anthu awiri kapena atatu osunga chinsinsi amene munthu angawafikire popanda dzina lake kulengezedwa pagulu. Chachiwiri chikupita kwa aliyense wa ife. Mwezi uno usadathe, imbirani lamya mnzanu mmodzi wa m'kalasi mwanu amene wakhala chete nthawi yaitali. Akakuyankhani kuti ali bwino, musafulumire kudula. Funsaninso kachiwiri.

Ndipo kwa iwe mnzanga amene wakhala muno utavala bwino koma usiku sugona, akuluakulu adati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Pita kuchipatala ukayezetse. Uza mkazi wako, uza mwamuna wako, uza abusa, uza mmodzi wa ife. Ngati maganizo afika poti moyo ukuoneka wopanda phindu, usadikire mawa, lankhula lero lomwe, ngakhale ndi ine tikamatuluka muno. Kumangidwa bandeji si kugonja. Ndi njira yokhayo imene Akhwari adafikira m'bwalo lija.

Kamnyamata ka mphumu kaja, kamene kadalowa pa geti anthu akudya, sindidziwa ngati kadadziwa kuti kadaphunzitsa munthu wa Fomu 2 amene ankakumba dzenje. Aphunzitsi athu aja adatisiya, koma ndikadakonda akadaona kuti phunziro lawo lidafika, ngakhale lidafika mochedwa ngati mwini wake.

Mulungu atipatse mphamvu yomaliza njira yathu, kudzichepetsa kovomera thandizo, ndi maso oona mnzathu amene akutsimphina pambali pathu.